Bambo ali pa chikuku: aswali bwanji, nanga mzikiti uwalandire motani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Kawale, kuno ku Lilongwe: "Assalam alaikum Shehe. Bambo anga anachita ngozi ya njinga yamoto ya kabaza chaka chatha. Anavulala msana, moti kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sikugwira ntchito. Amayendera chikuku, ndipo anawaika paipi ya mkodzo yokhala ndi thumba. Asanavulale sankaphonya jamaa, ya Subuhi yomwe. Pano anasiya kuswali, akuti swala ya munthu wokhala ndi mkodzo pathupi singalandiridwe. Lachisanu lina tinawatengera kumzikiti wa kwathu, tinavutika kuwakweza masitepe, kenaka mkulu wina anati matayala adetsa kapeti, akhale pakhonde. Chichokereni tsiku limenelo sakufunanso kumva za kumzikiti. Achibale ena akuti ndi chilango cha Allah. Chipembedzo chikuti chiyani?"

Wa alaikum salaam warahmatullah, chemwali. Pepani ndi zokhomazi. Allah awapatse bambo mphamvu, ndipo inu amene mukuwasamalira akulipireni zabwino. Ndiyambe ndi chomwe chikuwasowetsa mtendere: swala yawo ndi yolandirika, ndi thumba la mkodzo lomwelo, ali pa chikuku pomwepo. Mkulu uja mwina ankafuna kuteteza ukhondo wa mzikiti, koma zomwe ananenazo zilibe umboni, ndipo tifikapo.

Za chilango tisatayepo nthawi yambiri. Palibe amene Allah anamuonetsa kaundula woti adziwe kuti ngozi yakuti yadza chifukwa cha tchimo lakuti. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa kuti kutopa, matenda, nkhawa, ngakhale minga yobaya Msilamu, Allah amamufufutira nazo machimo. Hadisi imeneyi ili m'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim. Ata ibn Abi Rabah, amene anthu a ku Makka ankamudalira pa mafunso a Haji, mabuku a mbiri amati anali wotsimphina, wopuwala dzanja, ndipo atakalamba anasiya kuona. Palibe anamuchotsa pa mpando wophunzitsira chifukwa cha zimenezo. Nkhani ya Amr ibn al-Jamuh ndiyo ndikufuna muisunge. Anali wotsimphina kwambiri, ndipo ana ake ankamuletsa kupita ku nkhondo ya Uhud mu 625. Mtumiki anauza mwiniwakeyo kuti Allah anamupeputsira, sakukakamizidwa. Kenaka anatembenukira kwa anawo nawauza kuti asamutsekereze. Anapita, nafera komweko. Mukaona bwino, chilolezo chopuma chinapatsidwa kwa waulumaliyo kuti asankhe yekha. Sichinapatsidwe kwa anthu omuzungulira kuti amusankhire.

Tsopano za twahara, kudziyeretsa kofunika pa swala, poti apa ndi pamene bambo agwidwa mwendo.

Munthu amene mkodzo umatuluka osauletsa, kaya ndi wa paipi kaya wongodontha, ma ulama amamuika m'gulu la anthu a chidodometsa chosatha, ndipo ali ndi malamulo akeake opepuka. Asilamu ambiri kuno timatsata mazihabu a Imam Shafi'i, ndiye ndifotokoza za kumeneko. Nthawi ya swala ikakwana, osati isanakwane, khuthulani thumba la mkodzo, pukutani pakamwa pa thumbalo ndi kutsekapo bwino. Ngati mkodzo wadonthera pakhungu kapena pa chovala, tsukani pamenepo kapena asinthe chovalacho. Akatero atawaze, ndipo aswali osachedwa. Mkodzo umene ukulowa m'thumba iwo ali mkati mwa swala suononga kanthu. Wudhu umenewo ndi wa swala ya faradhi imodzi pamodzi ndi masunna ake, ndiye pa faradhi yotsatira atawazenso. A mazihabu a Imam Abu Hanifa, omwe abale athu ambiri achimwenye amatsata, amati wudhu umodzi umakwanira nthawi yonse ya swala imeneyo mpaka itatuluka. Kusiyana kwake ndi kochepa chotero.

Chinthu chimodzi musachite: musazule paipi kapena kuimanga ndi lamba kuti aswali ali "oyera". Kuchotsachotsa paipi kumalowetsa tizilombo m'chikhodzodzo, ndipo kuitseka kumabwezera mkodzo ku impso. Thumba lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, lomangiriridwa ku mwendo kapena m'mbali mwa chikuku, osati kulisanjika pa ntchafu. Akavala thalauza lotakasuka kapena kanzu, palibe amene aziona.

Kutawaza kwenikweni sikufuna kuti apite kubafa. Beseni ndi jagi pamiyendo, thaulo pansi pa beseni, zakwana. Zokakamizidwa ndi niya, kusambitsa nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi mbali ya mutu, kusambitsa mapazi mpaka mu akakolo, motsatana chomwecho. Kamodzikamodzi kakwanira, katatu ndi sunna. Mapazi amasambitsidwabe ngakhale sakumva kanthu, ndipo ngati sangawafikire, wina awasambitse, iwo achite niya. Apa pali mfundo imene mabanja ambiri saidziwa. Kwa a Shafi'i, khungu la mwamuna likakhudzana ndi la mkazi wake wudhu umaonongeka, koma la mwana wake wamkazi kapena mlongo wake ayi. Ndiye inu mukhoza kuwasambitsa mapazi ndi manja anu popanda vuto. Akakhala mayi ndiwo akuthandiza, avale magolovesi kapena angothira madzi osakhudza. Kuyeretsa kumaliseche kokha ndiko kuyenera mayi, kapena mwana wamwamuna atavala magolovesi ngati mayi palibe. Ndipo madzi ofunda muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu. Phazi losamva limapsa mwini wake osadziwa, ndipo chilonda chake chimachedwa kupola. Mukatha pukutani pakati pa zala.

Nanga tsiku limene ali okha pakhomo, nthawi ikutha, madzi sangawafikire? Kapena pamene pali chilonda chimene adokotala aletsa kunyowetsa? Sura 5 ndime 6, yomwe ikulamula wudhu, ndi yomwenso ikuloleza tayammamu, kudziyeretsa ndi dothi m'malo mwa madzi, ndipo ikumaliza ndi kunena kuti Allah sakufuna kukuikirani chovuta. Ikani dothi louma, loyera, lokhala ndi fumbi, m'thireyi kapena m'kabokosi pafupi ndi bedi. Mu Okutobala nkhani yake ndi yosavuta kuno, koma dzinja lisanafike sungani lina m'chidebe chotseka, chifukwa dothi lonyowa silichita. Lisasakanikirane ndi phulusa, ufa kapena simenti. Amenye manja kamodzi napaka nkhope, amenyenso napaka mikono mpaka m'zigongono. Kwa amene ali ndi chikhakha kapena bandeji, a Shafi'i amati asambitse pabwinopo, apake madzi pamwamba pa chikhakhacho, awonjezere tayammamu. A Hanafi amati kupakako kwakwana. Woduka mkono kapena mwendo amasambitsa mbali yotsala ya chiwalo cha wudhu. Chikaduka pamwamba pa chigongono kapena pamwamba pa akakolo, lamulo la chiwalo chimenecho lagwa.

Kuswali kwake, maziko ndi hadisi ya Imran ibn Husayn mwa Bukhari. Iye ankadwala, ndipo Mtumiki anamuuza kuti aswali ataimirira, akalephera akhale pansi, akalepheranso agone cham'mbali. Bambo amange mabuleki a chikuku, ayang'ane ku Qibla, komwe kuchokera ku Lilongwe ndi kumpoto kupendekera pang'ono kum'mawa, pafupifupi madigiri 10. Takibira, Fatiha ndi sura awerenge ali chikhalire. Pa rukuu awerame pang'ono, manja pa mawondo. Pa sijida awerame kuposa pa rukuu. Chofunika ndi chakuti kuwerama kuwiriku kusiyane, basi. Sakufunika kunyamula pilo kapena thabwa kuti agunditse chipumi. Munthu wovulala msana nthawi zambiri alibe mphamvu ya m'mimba yomubweza akawerama, ndiye asadzikakamize mpaka kugwa chamutu. Lamba wa pachifuwa kapena m'chiuno amathandiza, ndipo ngati thunthu silipindika, kugwedeza mutu kwakwana. Tsiku limene thupi lakana kukhala pa chikuku, aswali pabedi atagonera kumanja nkhope ili ku Qibla, kapena chagada mapazi ataloza ku Qibla, mutu uli pa pilo.

Wina adzawauza kuti woswali chokhala amalandira theka la malipiro. Hadisiyo ilipodi, koma ikunena za munthu wamphamvu zake amene wasankha kukhala pa swala ya sunna. Ya bambo ndi ina, ya Abu Musa mwa Bukhari: kapolo wa Allah akadwala kapena akakhala pa ulendo, amalembedwa zonse zimene ankachita ali bwino ali kwawo. Munthu amene sankaphonya Subuhi pa jamaa, mawu amenewa akuyenera kuwamva. Swala zimene zadutsa miyezi imeneyi, ma ulama ambiri amati zibwezedwe. Musawaunjikire chiwerengero chonse tsiku limodzi, angagwe ulesi. Pa faradhi iliyonse aziwonjezera imodzi ya ngongole, pang'onopang'ono idzatha.

Tibwere kumzikiti, komwe ine ndikuona kuti ndiko kuli vuto lalikulu kuposa la thumba.

Ndi zoona kuti Qur'an, mu sura 24 ndime 61 ndi sura 48 ndime 17, ikuti palibe mlandu pa wosaona, wotsimphina kapena wodwala. Ndi zoonanso kuti Ijumaa siikakamizidwa kwa wodwala amene kufika kumzikiti kungamuzunze. Koma makomiti ena amatenga ndime zimenezi ngati chikalata chowamasula iwo: poti Allah anamupeputsira, akhale kunyumba, ife tisavutike ndi kumanga. Kumeneko ndi kutembenuza nkhani. Mwa Muslim muli hadisi ya munthu wosaona amene anadandaula kuti alibe womutsogolera kumzikiti. Mtumiki anamuloleza kuswalira kunyumba, koma atatembenuka anamuitananso namufunsa ngati amamva azana. Atavomera, anamuuza kuti aziyankha kuitanako. Ma ulama amasiyana pa kulemera kwa lamulo limeneli, koma palibe amene amawerengamo kuti waulumali ndi mlendo mumzikiti. Ndipo pamene Itban ibn Malik maso ake anafooka, madzi osefukira namutsekereza njira ya kumzikiti wa anthu ake, Mtumiki ndi Abu Bakr anapita kunyumba kwake, naswali naye pamalo amene iye analoza. Wotha kufika amatsegulidwa njira, wolephera amamulondola kwawo. Kumusiya osachita chilichonse mwa ziwirizi sikuchokera mu sunna.

Sura 80, Abasa, inatsika chifukwa cha nkhani yofanana ndi ya pakhonde ija. Abdullah ibn Umm Maktum, wosaona, anabwera kudzafunsa za chipembedzo pamene Mtumiki anali kulankhula ndi akuluakulu a Chikuraishi. Mtumiki anachita tsinya natembenuka, ndipo Allah anamudzudzula m'ndime zimene ana athu amaloweza kumadrasa mpaka lero. Munthu yemweyo anadzakhala muazini pamodzi ndi Bilal, ndipo kangapo konse anasiyiridwa mzinda wa Madina kuti aziswalitsa anthu Mtumiki akachoka. Ngati tsinya lokha, limene wosaonayo sanalione n'komwe, linatsitsa sura, mawu akuti "khalani pakhonde" onenedwa pagulu si nkhani yaing'ono.

Za matayala, lamulo la fiqhi, maphunziro a malamulo a Chisilamu, ndi lakuti chinthu chilichonse ndi choyera mpaka patapezeka chitsimikizo cha najisi, zonyansa monga mkodzo ndi chimbudzi, ndipo kukaika sikuchotsa chitsimikizo. Fumbi lofiira la m'misewu ya Kawale si najisi. Matope a mvula si najisi. Ndi litsiro lofunika kupukuta, monga momwe timapukutira mapazi, koma silionongera munthu swala. Mwa Abu Dawud, Mtumiki analangiza kuti munthu akafika kumzikiti ayang'ane nsapato zake, akaona zonyansa azipukute pa dothi, kenaka aswali nazo. Iye mwini anazungulira Kaaba atakwera ngamila, ndipo Umm Salama atadwala anamuuza kuti achite tawafu atakwera. Ngati matayala aponda ndowe kapena madzi a m'chimbudzi ooneka ndi maso, atsukeni pakhomo, nkhani yatha. Kabaketi ka madzi, burashi ndi chisanza zizikhala pakhomo la mzikiti. Ena amasoketsa kwa telala nsalu zovekera matayala akuluakulu awiriwo, zokhala ndi lasitiki m'mbali, ndipo zimagwira ntchito bwino. Ena amayala mkeka wa pulasitiki kuchokera pakhomo kutsata khoma. Chimene sindigwirizana nacho ndi kukakamiza munthu kutsika pa chikuku chake kuti akhale pansi kapena pa mpando wa pulasitiki. Chikuku ndi khushoni yake zinayezedwa pa thupi lake, ndipo pomunyamulanyamula ndi pamene anthu amagwetsedwa, paipi n'kuzuka. Ndodo, nsapato zachitsulo ndi mwendo woikirira, lamulo lake ndi lomwelo: apukute, alowe nazo.

M'safu, woswali chokhala amalunjika ndi anzake poyang'ana pamene wakhalira, osati pamene pali mapazi ake. Msana ndi mapewa a bambo zifanane ndi za oimirirawo, miyendo ipitirire kutsogolo, palibe vuto. Poti matayala amatuluka pang'ono kumbuyo, malo osavuta ndi kumapeto kwa safu, kuti wa kumbuyo apeze pogwetsa nkhope. Koma kumapeto kwa safu ndi m'safu momwemo, phewa kukhudza phewa. Akafika molawirira ali ndi ufulu wa safu yoyamba ngati wina aliyense.

Masitepe aja. Kunyamula munthu wamkulu ndi chikuku chake Lachisanu lililonse n'koopsa, komanso kumamuchotsa ulemu. Ambiri amasiya kubwera chifukwa chosafuna kukhala katundu wa anzawo. Chofunika ndi rampu, njira yotsetsereka ija, koma yomangidwa moyenera. Muyezo wake ndi 1 pa 12: kukwera kwa sentimita imodzi kumafuna kutalika kwa masentimita 12. Masitepe atatu a masentimita 15 lililonse ndi masentimita 45, ndiye rampu yake italike mamita 5.4. Cholakwika chimene chili ponseponse mumzinda muno ndi chakuti mmisiri amangothira konkire pamwamba pa masitepe omwewo. Zotsatira zake ndi phiri loti wokwera amagwa chagada, wotsika amathamangira mumsewu. Malo akachepa kutsogolo, rampu iyende motsata khoma, kapena ipinde pakati. M'lifupi ikhale mamita 1.2. Pamwamba, kutsogolo kwa chitseko, pakhale malo afulati a mamita 1.5 mbali zonse kuti chikuku chiime ndi kutembenuka, ndipo pokhota paliponse pakhalenso otero. M'mbali muikidwe kamzere ka njerwa kotalika masentimita 10 kuti tayala lisaphonye, ndi zitsulo zogwirira pa masentimita 90. Konkire ya muyezo wa simenti 1, mchenga 2, miyala ya kwale 4, yochindikala masentimita 10 pa dothi losinjidwa bwino, imakwana, ndipo izithiriridwa madzi kwa sabata. Pamwamba pake musasalaze ndi chipande, musaikenso matailosi. Kokanipo tsache konkire isanaume kuti pakhale pokhakhala. Matailosi onyowa ndi mvula ya mu Januwale amagwetsa ngakhale wa miyendo iwiri.

Musaiwale ngalande ya kutsogolo kwa geti. Rampu yabwino ilibe ntchito ngati pakati pa msewu ndi mpanda pali ngalande yodutsa pa thabwa limodzi. Pamafunika silabu yotakata ngati rampuyo. Chitseko chikhale ndi mpata wa masentimita 90 chikatsegulidwa, popeza zikuku zambiri ndi za masentimita 65 mpaka 70 ndipo manja oyendetsa amafunanso malo. Mulu wa nsapato pakhomo nawo ndi mpanda. Mashelefu m'mbali ndi mnyamata mmodzi wokumbutsa anthu zimathetsa zimenezo popanda ndalama zambiri. Kotawazira, mabenchi a simenti omangiriridwa kutsogolo kwa mpopi uliwonse amatsekereza chikuku. Mpopi umodzi wa kumapeto usiyidwe wopanda benchi, ukwezedwe kufika masentimita pafupifupi 80, ukhale wa chogwirira chokankha osati chopotokola, ndipo pakhale kapaipi kofewa kofikira kumapazi. Chimbudzi chimodzi chikhale chokhalira, cha msinkhu wa masentimita 45 mpaka 48, zitsulo zogwirira m'mbali, chitseko chotsegukira kunja kuti munthu akagwa mkati athe kumutulutsa. Ndipo zonsezi zichitikenso mbali ya amayi. M'mizikiti yambiri khomo la amayi lili kuseri, ndi lopapatiza, mwinanso malo awo ali m'mwamba. Agogo a ndodo ndi amayi a sitiroko anasiya kalekale kubwera, kungoti palibe amawawerenga.

Komiti ikati ndi za munthu mmodzi, ikumbutseni kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'dziko muno ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndi kuchuluka kwa njinga zamoto m'misewu yathu, ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo la dziko nalo, la 2024 limene linalowa m'malo mwa lija la 2012 n'kukhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA pamalo pa MACOHA, limaletsa kusala anthu aulumali ndipo limafuna kuti malo ofikako anthu onse akhale ofikirika. Koma Msilamu sayenera kudikira lamulo la boma pa nkhani imene Mtumiki anati ngakhale kuthandiza munthu kukwera pa chokwera chake ndi sadaka. Mabuku a mbiri amanena kuti khalifa al-Walid ibn Abd al-Malik, amene analamulira kuyambira 705 mpaka 715, anapereka wotsogolera kwa wosaona ndi wothandiza kwa wopuwala kuchokera m'thumba la boma.

Ndalama zake zichokere kuti? Rampu ndi chimbudzi zimangidwe ndi sadaka, chopereka cha Lachisanu kapena wakfu, chuma choperekedwa mpaka kalekale ku ntchito za Allah, chifukwa ma ulama ambiri salola zakaati kumangira mzikiti. Zakaati ili ndi magulu 8 otchulidwa mu sura 9 ndime 60, ndipo ulumali pawokha suli m'gulumo. Waulumali wolemera amapereka zakaati, salandira. Koma ngati ngoziyi yawadula bambo njira yopezera chakudya, alowa m'gulu la osauka, ndipo zakaati ya anthu ena ikhoza kuwagulira khushoni, matumba a mkodzo, kapena mpamba wa geni yochitira pakhomo. Yanu inuyo ana ayi, chifukwa kusamalira kholo losowa ndi udindo wanu kale.

Za Ramadhani ndi Haji mwachidule. Kupuwala miyendo sikuchotsa kusala. Komabe munthu wa paipi amafunika kumwa madzi ambiri kuti isatsekeke ndi kuti apewe matenda a m'chikhodzodzo, ndiye mufunse adokotala mwezi usanayambe. Akati kusala kuwavulaza ndipo sizidzasintha, apereke fidiya ya sura 2 ndime 184: tsiku lililonse muyezo wa mudi umodzi, kupitirira pang'ono theka la kilogalamu, wa chakudya chodalirika ngati chimanga kapena mpunga, kwa wosauka. Haji amachita pa chikuku anthu ambirimbiri chaka chilichonse. Amene sangathe ulendo n'komwe koma chuma ali nacho amatumiza womuchitira amene anachita kale yake, monga Mtumiki analolezera mayi wa fuko la Khath'am kuchitira bambo ake okalamba.

Kakhalidwe ka ife owazungulira nakonso kakonzedwe. Polankhula, lankhulani ndi iwo, osati ndi wowakankha. Musagwire chikuku musanafunse. Duwa ija yonena ukaona munthu ali m'mayesero, ma ulama anati inenedwe chamumtima, mwini wake asamve. Mayina onyoza aja timaitanira anthu ndi chilema chawo akugwera mu sura 49 ndime 11. Ndipo ngati bambo ankaphunzitsa, kusunga chuma cha mzikiti kapena kuyanjanitsa mabanja, apitirize. Chavulala ndi msana. Pokonza rampu, iwo akhale m'gulu loyeza ndi kuyesa, chifukwa woyenda ndi miyendo saona kamwala kamene kamaimitsa tayala laling'ono la kutsogolo.

Pali zina zofunika achipatala osati shehe. Khutuba ndi swala pamodzi zimatha ola kapena kuposa, ndipo wokhala pa chikuku ayenera kupepuza matako mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, podzikweza ndi manja kapena kupendekera mbali iyi ndi iyo. Kuchita zimenezi mkati mwa khutuba sikulakwa. Madzulo aliwonse muziyang'ana matako, chiuno ndi zidendene. Pakafiira kapena kuda osabwerera pakatha theka la ola, asakhalirepo, ndipo apite kuchipatala chilonda chisanatseguke. Kutentha thupi, kunjenjemera, mkodzo wa mtundu wa matope, wonunkha kapena wa magazi, kapena thumba kukhala lopanda kanthu kwa maola angapo iwo akumwa madzi, zimenezo ndi za tsiku lomwelo, osadikira mawa. Ku Kamuzu Central kuli a mafizo ndi chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, ndipo za chikuku choyenera thupi ndi khushoni mukhoza kufunsa a MAP, bungwe lothandiza anthu aulumali wa m'thupi, kapena MACODA. Duwa ndi ruqya, kuwerengera wodwala Qur'an, zichitike, koma zisalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo chenjerani ndi aliyense wolonjeza kuwayendetsa mukamulipira.

Mutchere khutu ku mtima wawonso. Nthawi zina munthu akati swala yanga singalandiridwe, vuto silikhala fiqhi koma kukhumudwa kwakukulu kumene kumagwira anthu ambiri ovulala msana. Akamakana chakudya, kusowa tulo, kusafuna kuona anthu, makamaka akamanena kuti bola kufa, musangoti ndi kuchepa kwa imani. Auzeni adokotala awo msanga, kapena pitani nawo kwa a uphungu monga a St John of God kuno ku Lilongwe, ndipo musawasiye okha.

Poyambira pake, musawatengerenso kumzikiti Lachisanu likubwerali. Mupite kaye inu ndi mchimwene wanu kapena amalume kwa imamu panokha, mumufotokozere zinachitika popanda kumuchititsa manyazi mkulu uja pagulu. Mupemphe imamu abwere ndi anzawo a bambo awiri kapena atatu adzaswali nawo Asri kunyumba, ndipo iye mwini awafotokozere za wudhu wa munthu wa paipi, chifukwa kholo limamva msanga kwa shehe wake kuposa kwa mwana wake. Ngati pali mfundo ya mazihabu imene akukaika, monga kuphatikiza swala ziwiri pa tsiku lovuta, afunse pomwepo. Kenaka mutenge tepi mukayeze kutalika kwa masitepe, mpata wa chitseko ndi ngalande, muwerengetse kutalika kwa rampu, mukapereke ku komiti pa pepala pamodzi ndi mtengo wa mmisiri. Podikira simenti, matabwa awiri olimba okhomedwa pamodzi sangakwane pa masitepe atatu, ndiye funsani ngati pali khomo la m'mbali lotsikirapo, ndipo ulendo woyamba ukhale wa swala ya anthu ochepa ngati Zuhuri ya pakati pa sabata, imamu atadziwa kale kuti akubwera.